Pemphero lisakhale pobisalira m'bale amene mwayambana naye

Pali mawu awiri amene amatseka nkhani pakati pa Akhristu. Oyamba ndi akuti, "Ndazisiya m'manja mwa Mulungu." Achiwiri ndi akuti, "Ambuye andiwonetsa." Munthu akangotulutsa mawu amenewa pa mkangano, ena onse amangoti chete. Mungatsutsane bwanji ndi munthu amene akuti wamva kuchokera Kumwamba? Mukayesa kufunsa, mumawoneka ngati mukulimbana ndi Mulungu mwini wake.

Ine ndine Mkhristu, ndipo ndimakhulupirira kuti Mulungu amamva mapemphero komanso amatsogolera anthu ake. Komabe ndikufuna kunena chinthu chimene mwina sichikomera ena a ife a mufelowishipi. Nthawi zambiri tikayambana ndi munthu, timathamangira kupemphera chifukwa sitikufuna kuwona nkhope yake. Maganizo anga ndi akuti chitsogozo cha Mulungu pa mkangano chimadziwika ndi kumene chikukutumizani. Chikakutumizani pakhomo pa amene mwayambana naye, kapena kwa anthu amene angamve mbali zonse ziwiri, chilandireni. Chikakusiyani muli nokha m'chipinda, wolungama ndinu, wolakwa ndi iye, osamumvako ngakhale liwu limodzi, muyenera kuchikayikira.

Tiyerekeze nkhani ya kwathu kuno ku Nkhotakota. Bambo amwalira n'kusiya boti, injini ndi chilimira. Ana awo awiri aamuna agwirizana kuti zidazo zizigwirabe ntchito ndipo phindu azigawana. Mkulu ndiye amalawirira kunyanja kukalandira usipa, kulipira alovi ndi kugula mafuta. Mng'ono ali kusukulu kutali, zake amangolandira pafoni. Nyengo ya mwera ifika, boti likhala pamchenga masiku ambiri, ndalama zichepa. Mng'ono ayamba kuganiza kuti akumubera. Mkulu naye ayamba kuwona ngati akukhetsera thukuta munthu wosayamika. Onse awiri ndi opemphera. Mng'ono asala kudya masiku atatu, atuluka ali wotsimikiza kuti mkulu wake ndi wakuba. Mkulu achezera kuphiri usiku wonse, abwerako ndi vesi lonena za adani a m'banja. Aliyense aika vesi lake pa WhatsApp podziwa kuti mnzake aliwona. Palibe amene watenga kope la ndalama n'kukhala pansi ndi mnzake kuti awerengere limodzi: mafuta anagulidwa malita angati, usipa unatuluka ndowa zingati, boti linagona pamtunda masiku angati.

Mulungu mmodzi sangauze anthu awiri zinthu zotsutsana. Ndiye kuti mmodzi mwa iwo, mwinanso onse, wamva mawu a mtima wake n'kuwaveka mkanjo.

Baibulo limalidziwa bwino vuto limeneli. Pa 1 Mafumu 22 timawerenga za Ahabu, mfumu ya Israeli, amene ankafuna kukalanda mzinda wa Ramoti Giliyadi m'manja mwa Aaramu. Yehosafati, mfumu ya Yuda, anamupempha kuti ayambe wafunsa kwa Yehova. Ahabu sanakane. Anasonkhanitsa aneneri pafupifupi 400, ndipo onse anamuuza kuti apite, akapambana. Yehosafati atafunsa ngati kunalibe mneneri wina, Ahabu anatchula Mikaya, n'kuvomera yekha kuti amadana naye chifukwa samunenera zabwino. Mikaya atanena zoona anamenyedwa mbama n'kuponyedwa m'ndende, ndipo Ahabu anakafera ku nkhondo yomweyo. Chimene chimandiwopsa pa nkhaniyi n'chakuti Ahabu anafunsadi kwa Mulungu. Mwambo wonse anautsata. Kungoti yankho anali atalisankha kale, ndipo ankangofuna woti alidinde.

Masiku ano aneneri 400 amakwana m'foni imodzi. Mukayambana ndi munthu, Facebook ndi TikTok zimakupatsani maulaliki okwanira onena za adani, za anthu ansanje, za amene sakufuna kuti mutukuke. Anzanu a pagulu la WhatsApp, amene amva mbali yanu yokha, amakuyankhani ndi ma amen. Koma Miyambo 18:17 imatichenjeza kuti woyamba kufotokoza mlandu amamveka wolungama mpaka mnzake atabwera kudzamufunsa mafunso. Tangoganizani: ndikamapemphera, wofotokoza mlandu ndimakhala ine ndekha. Ndimasankha poyambira, ndimasankha zosiya. N'zoona kuti Mulungu amadziwa mbali inayo, koma njira imene amakonda kundiuzira mbali imeneyo ndi pakamwa pa mwini wake.

Zimafika poyipa kwambiri munthu akapita kwa mneneri amene ntchito yake ndi kutchula mdani. Bizinesi ya nsomba yagwa, mwana akudwaladwala, ntchito sikupezeka, ndipo munthu wa Mulungu atseka maso n'kunena kuti akuwona mayi wachikulire wa kuchimuna. Banja lonse likudziwa kuti akunena za ndani. Kuyambira tsiku limenelo gogoyo sapatsidwanso moni, zidzukulu ziletsedwa kudya kwawo, ndipo palibe amene wawafunsa kanthu. Kumene msewu woloza anthu zala umathera tikukudziwa. Mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la dziko lino la mu 1911 lokhudza ufiti limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Nayo kalata yoyamba ya Yohane, pa mutu 4, imatilamula kuyesa mizimu tisanaikhulupirire. Vumbulutso limene limapatsa munthu chilango asanalankhule likulephera mayeso amenewo, ngakhale litabwera ndi malilime.

Nanga Yesu anati tizitani? Pa Mateyu 5:23-24 akunena za munthu amene wafika kale paguwa ndi chopereka chake, n'kukumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa. Lamulo lake n'loti asiye choperekacho pomwepo, apite kaye akayanjane ndi m'baleyo. Apa Yesu akuimitsa mapemphero kuti munthu ayende ulendo. Pa Mateyu 18:15-17 akupereka ndondomeko kwa amene walakwiridwa: ayambe wapita yekha kukakamba ndi mnzakeyo, zikakanika atenge mmodzi kapena awiri, zikakanikabe nkhani ifike ku mpingo. Kaya ndinu wolakwa kaya wolakwiridwa, chimene mukuuzidwa n'chimodzi, nyamukani mupite.

Ndondomeko imeneyi si yachilendo kwa Mchewa. Banja likagwedezeka timaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri. Abale akalimbirana malire a munda wa mpunga, nkhani imayambira kwa malume, ikakula ipita kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, mpaka kwa mfumu yaikulu ngati a Malengachanzi kapena a Kanyenda. Pabwalo salola kuti munthu aweruzidwe iye kulibe. Makolo athu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo zimandidabwitsa kuti ife ophunzira, amene m'kalasi timaphunzitsidwa kufufuza mbali zonse tisanalembe, pa za uzimu timafuna kusenza denga tokha.

Mpingo woyamba nawo unkachita chimodzimodzi. Pa Machitidwe 6, Akhristu olankhula Chigriki anadandaula kuti amayi awo amasiye akusalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanawauze kuti akapemphere kuti mzimu wodandaula uwachoke. Anaitanitsa msonkhano, anthu anasankha amuna 7 oti aziyang'anira ntchitoyo, ndipo mayina a onsewo ndi achigriki. Pemphero linabwera pamodzi ndi kusintha kagawidwe ka chakudya. Pa Machitidwe 15, mkangano wa mdulidwe unatha pambuyo pa kutsutsana kwa nthawi yaitali ku Yerusalemu. Petro analankhula, Paulo ndi Barnaba analankhula, Yakobo anamanga mfundo, ndipo m'kalata imene analemba ananena kuti chigamulocho chinakomera Mzimu Woyera pamodzi ndi iwo. Mzimu analankhula anthu ali m'kati momvetserana.

Ife a ku Nkhotakota tili ndi chikumbutso cha zimenezi pakhomo pomwe. Pa mishoni ya Anglican pa boma, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, pali mkuyu wakale umene umadziwika ndi dzina la David Livingstone. M'zaka za m'ma 1840, Salim bin Abdullah, amene timamudziwa kuti Jumbe, anakhazikitsa pano malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Anthu ankawolotsedwa nyanja pa zombo n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Livingstone anadutsa kuno mu 1861 ndipo anabweranso mu 1863. Mbiri imene timauzidwa ndi yoti anakhala pansi pa mkuyu ndi Jumbe komanso mafumu a Achewa, kuwapempha kuti nkhondo ndi kugulitsa anthu zithe.

Pa nkhani imeneyi ndimatolapo zinthu ziwiri. Choyamba, Livingstone anali munthu wopemphera amene anali ndi zifukwa zokwanira zotembererera Jumbe ali patali. Iye anasankha kupita kukakhala naye pansi. Chachiwiri n'chowawa: zokambiranazo sizinamasule anthu. Malonda a akapolo anapitirira zaka pafupifupi 30, mpaka m'zaka za m'ma 1890 pamene Angerezi, amene analengeza ulamuliro wawo pa dziko lino mu 1891, anathetsa mphamvu za a Jumbe, nawonso ali ndi zofuna zawo. Pansi pa mkuyu paja panakumana akuluakulu. Anthu amene anali m'magoli analibe mawu, ndipo phindu limene linkayendetsa malondawo silinakhudzidwe. Kukumana n'kofunika, koma kugwirana chanza kumene sikukhudza chimene chinayambitsa mkangano kumangokhala mwambo.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mtundu wina wa chiyanjanitso umene umachitika m'mipingo yathu. Mayi akumenyedwa ndi mwamuna wake, apita kwa akulu a mpingo, ndipo amubweza ndi mawu oti banja ndi kupirira, apemphere kwambiri. Mayi wamasiye walandidwa boti ndi nyumba ndi abale a malemu, ndipo auzidwa kuti akhululuke, Mulungu adzamubwezera. Onse agwirana manja, aimba nyimbo, wolandayo apita kwawo ndi makiyi m'thumba. Uku n'kumuuza wolakwiridwa kuti alipire yekha mtengo wa mtendere. Pa Luka 19, Zakeyu atakumana ndi Yesu analonjeza kubweza kanayi kwa aliyense amene anamulanda. Kulapa kwake kunali ndi masamu.

Dziko lathu lili ndi lamulo la mu 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, komanso lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye limene limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Mkhristu amene wapemphera n'kumva mumtima kuti apite kumeneko sanachepe chikhulupiriro. Paulo yemwe, atawona kuti mlandu wake suyenda mwachilungamo, anapempha kuti ukamvedwe ndi Kaisara. Ndipo ndinene mosapsatira: malangizo oti munthu apite yekha kwa amene wamulakwira sakukakamiza aliyense kukakhala m'chipinda chimodzi ndi munthu amene amamuvulaza. Pamenepo poyambira ndi pa mboni ndi pa chitetezo.

Palinso china chimene ife a m'mbali mwa nyanja sitingachizembe. Nkhotakota ndi kwawo kwa Asilamu ambiri kuyambira nthawi ya a Jumbe. M'banja limodzi mumapezeka wopita kumzikiti Lachisanu ndi wopita kutchalitchi Lamulungu. Amene mwayambana naye pa ngongole ya ku banki m'khonde, kapena pa malo oyanikira usipa, akhoza kukhala Msilamu. Mukafika kwa iye ndi mawu oti Mulungu wanu wakuwonetsani kuti iye ndi wolakwa, mwasandutsa nkhani ya ndalama kukhala nkhondo ya zipembedzo. Aroma 12:18 imatiuza kuti, momwe tingathere, tikhale pa mtendere ndi anthu onse, ndipo sikupatula a chipembedzo china. Mu Novembala 2019, mkangano wa hijabu pa sukulu ya mpingo wa Anglican ku M'manga m'boma la Balaka unafika povulaza anthu ndi kuwononga katundu. Mbali zonse ziwiri zinali za anthu opemphera, zotsimikiza kuti zikuteteza za Mulungu. Chimene chinabweretsa mgwirizano wa mu Juni 2021, wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, ndi zokambirana zimene linatsogolera bungwe la Public Affairs Committee, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo muli Akhristu ndi Asilamu. Zinatenga chaka ndi miyezi, anthu akukumana ndi kumvetserana.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti ndikuika nzeru za munthu pamwamba pa Mzimu Woyera. Adzandikumbutsa kuti Mulungu analankhula ndi Yosefe m'maloto, ndipo akhoza kulankhula ndi aliyense mwachindunji. Sindikukana. Koma taonani zimene maloto a pa Mateyu 1 anachita: Yosefe anali ataganiza kale zomusiya Mariya, ndipo mngelo anamubweza pa chiganizo chakecho. Vumbulutso lija linamutengera kwa munthu amene ankafuna kumuthawa. Komanso msodzi aliyense wa ku Chia kapena ku Dwangwa amene amapemphera asanalowe panyanja amayang'ananso kumene mphepo ikuchokera. Akawona kuti mwera wadzuka, sanena kuti wapemphera kale ndiye apite basi. Maso amene akuyang'anira nyanja anamupatsa ndi Mulungu yemweyo amene akumupemphera.

Ndiye pemphero ligwira ntchito yanji pa mkangano? Ntchito yake ndi yaikulu, kungoti imayambira pa wopempherayo. Salimo 139 limatha ndi munthu akupempha Mulungu kuti afufuze mtima wake wa iye mwini. Pemphero lotere limaziziritsa mkwiyo kuti musapite kwa mnzanu mutanyamula moto. Limakukumbutsani mawu amene inuyo munalankhula, amene pofotokozera anzanu mumawadumpha. Yesu anatilamula kupempherera adani athu, ndipo aliyense amene anayesapo kutchula dzina la munthu amene wamukwiyira, n'kumupemphera zabwino tsiku ndi tsiku, akudziwa kuti n'kovuta kupitiriza kumuwona ngati chilombo. Pemphero limaperekanso kulimba mtima, chifukwa kugogoda pakhomo pa munthu amene simunalankhulane naye miyezi isanu kumafuna mphamvu kuposa kusala kudya. Yakobo 1:5 imalonjeza nzeru kwa wopempha, ndipo Yakobo 3:17 imafotokoza maonekedwe a nzeruyo: yamtendere, yofatsa, yomva za ena, yachifundo, yopanda tsankho. Yankho limene lakupangitsani kukhala ouma mtima kuposa kale silikufanana ndi chithunzi chimenechi.

Pali mafunso atatu amene ndikuwona kuti angathandize munthu amene akuti walandira yankho. Loyamba: kodi yankholi likunditayitsa kanthu, kaya ndi ulemu, ndalama kapena mwayi wowoneka wolungama? Ngati wolipira ndi mnzanga yekha, mwina ndamva aneneri a Ahabu. Lachiwiri: kodi ndingathe kulinena pamaso pa munthuyo, pali mboni, iye n'kupatsidwa mpata woyankha? Zimene zimangonenedwa mwini wake kulibe ndi miseche, ngakhale zitanenedwa ngati mutu wa pemphero. Lachitatu: kodi ndafunsako munthu amene sawopa kunditsutsa? Aliyense wa ife akufunika Mikaya wake, kaya ndi azakhali, mkulu wa mpingo kapena mnzake wa m'kalasi amene sanyengerera. Paja safunsa anadya phula.

Kudikira nako kuli ndi malo ake. Si nzeru kukakamba nkhani mtima ukadali m'mwamba, ndipo masiku angapo a kupemphera akhoza kupulumutsa ubale. Koma kudikira kopanda tsiku n'kuthawa. Aefeso 4:26 imachenjeza za kulola dzuwa kulowa tikadali okwiya, pamene ena a ife tawona Khirisimasi itatu ikudutsa tikunenabe kuti tikudikira nthawi ya Mulungu. Akuluakulu anati mlandu suwola. Umangodikira tsiku la maliro, pamene abale amakanika kukhala pa mphasa imodzi.

Sindikulonjeza kuti mkangano uliwonse udzatha ndi kukumbatirana. Kumapeto kwa Machitidwe 15, Paulo ndi Barnaba anatsutsana kwambiri pa za Yohane Marko, amene anawasiya pa ulendo woyamba. Barnaba ankafuna kumutenganso, Paulo anakana, ndipo anapatukana: Barnaba ndi Marko analowera ku Kupro, Paulo anatenga Sila. Anakangana maso ndi maso, ndipo m'nkhaniyo palibe amene ananena kuti Ambuye amuwonetsa kuti mnzakeyo ndi mdani. N'chifukwa chake khomo silinatsekeke, moti pa 2 Timoteo 4:11 Paulo akuitanitsa Marko yemweyo ponena kuti ndi wothandiza pa utumiki. Abale a boti aja mwina atawerengera limodzi angapeze kuti palibe amene anaba. Mwina angapeze kuti ndalama zinasowadi, wolakwa n'kubweza. Mwinanso angagwirizane zogulitsa zidazo, aliyense n'kuyamba zake. Zonsezi zikhoza kukhala chitsogozo cha Mulungu, malinga afikepo atamvana. Chibale ndi fupa, sichiwola, koma boti limawola.

Choncho inu amene muli ndi dzina la munthu mumtima pamene mukuwerenga izi, pempherani ndithu. Salani kudya ngati mukufuna. Koma mukamaliza kunena amen, funsani kuti mukupita liti, ndipo mupita ndi ndani. Ngati mwazisiyadi m'manja mwa Mulungu, musadabwe akakubwezerani nkhaniyo n'kukulozerani njira ya kwa m'bale wanu.